Makina a matabwa opanda dzina: yezani musanalipire

Mu Marichi 2025 boma litaletsa kuitanitsa kunja katundu wina, kuphatikizapo mipando ya matabwa, ambiri anati uwu ndi mwayi wa akalipentala athu. Ndikugwirizana nawo. Koma mwayiwo ukudalira makina, ndipo makina atsopano ndi a anthu ochepa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowabe. Mnyamata wofuna kutsegula kashedi ku Naperi amathera pa makina a kaunjika: pulena kapena sowo yochokera ku Joni, yogulitsidwa pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, yopentedwa kangapo, chikwangwani cha dzina chinathothoka kalekale.

Tsiku lomwe makinawo aima, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi ndi a kampani yanji?" Ine ndikuti funsoli ndi lotaya nthawi. Makina ambiri a mtunduwu anapangidwa ku Taiwan ndi ku China, ndipo fakitale imodzi inkatulutsa makina ofanana n'kumawamata maina osiyanasiyana. Ngakhale mutalipeza dzinalo, kampaniyo mwina inatseka, kapena ikufuna madola omwe banki sikupatsani. Chomwe chingakuthandizeni ndi muyeso, chifukwa zitsulo zambiri zomwe zimatha msanga zimapangidwa pa miyeso yofanana dziko lonse.

Tiyambe ndi bering'i. M'mbali mwake mumakhala nambala. Ikakhala 6204, bowo lake ndi mamilimita 20, kunja 47, kuchindikala 14. Ikakhala 6205, bowo ndi 25, kunja 52, kuchindikala 15. Kuyambira pa 04 kupita m'mwamba, manambala awiri omaliza mukawachulukitsa ndi 5 mwapeza kukula kwa bowo. Nambala ikafufutika, yezani miyeso itatuyi ndi vernier caliper, ndipo wogulitsa masipeya a galimoto kapena a chigayo ku Limbe akhoza kukupezerani yofanana. Lamba nayenso ali ndi chilembo: A ndi wa mamilimita 13 m'lifupi, B ndi wa 17, ndipo nambala yotsatira, monga A42, imanena kutalika kwake mu mainchesi. Mipeni ya pulena imagulidwa ndi kutalika, m'lifupi ndi kuchindikala. Apa dzina la makina silikufunika n'komwe.

Pomwe ndalama zimalowa m'madzi ndi pa mota. Magetsi a ESCOM m'nyumba zathu ndi a 230V pa 50Hz. Makina akuluakulu ochokera m'mafakitale nthawi zambiri amafuna 3-phase ya 400V, yomwe kashedi ka kuseri kwa nyumba kalibe. Ena opangidwira ku America ndi a 110V pa 60Hz. Musanapereke ndalama, jambulani kachitsulo ka pa mota. Kakasowa, itanani wa zamagetsi aone mawaya. Ndipo posintha mota, samalani liwiro: ilipo ya pafupifupi 1,400 rpm ndi ina ya pafupifupi 2,800 rpm. Kuika yachiwiri pamalo pa yoyamba, mapule osasintha, ndiye kuti mpeni uzizungulira kawiri kuposa momwe unapangidwira.

Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi anzanga okonda kunena kuti "ku Ndirande amapanga chilichonse". Zoona, amisiri a kumeneko ali ndi luso, ndipo pule, bushi, miyendo ya tebulo kapena chotchingira lamba akhoza kukupangirani bwinobwino. Koma chitsulo chomangira mipeni ya pulena si cholumikiza ndi moto. Chimazungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi, ndipo chikang'aluka kapena bawuti wake akatha mano, mpeni umauluka. Chimodzimodzi sowo: yabowo la mamilimita 30 siikhala bwino pa shafuti ya 5/8 inchi popanda kamphete koyenera. Kuikakamiza ndi kusewera ndi zala. Makina ong'aluka pamenepo asiyeni, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Chotchipa chimadula.

Ena anganene kuti zonsezi ndi za ophunzira, mmisiri wa m'mbali mwa msewu sangazikwanitse. Ayi ndithu. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi ndi yokwanira. Jambulani makina mbali zonse, makamaka manambala osindikizidwa pa chitsulo chenichenicho, muwaike pa Google Lens. Kawirikawiri mudzapeza ofanana nawo okhala ndi dzina lina, nthawi zina ndi buku lake lomwe. Koma chithunzi chimangolozera njira. Mawu omaliza ndi a vernier, chifukwa makina ofanana nkhope akhoza kusiyana shafuti ndi milimita imodzi.

Pempho langa likupita ku TEVETA ndi makoleji ngati Soche Technical. Ambiri mwa achinyamata omwe mukuwaphunzitsa ukalipentala sadzagwira makina atsopano akamaliza. Aphunzitseni kuwerenga nambala ya bering'i, kuyeza shafuti ndi kuzindikira mota, monga momwe mumawaphunzitsira kulumikiza matabwa. MUBAS ili pa Chichiri pompa, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Naperi. Ophunzira uinjiniya atamayeza makina a m'mashedi a ku Naperi, Zingwangwa ndi Bangwe n'kulemba mndandanda wa masipeya ofanana, onse angapindule.

Lamulo loletsa mipando yakunja silingapale thabwa. Ngati pulena yaima miyezi iwiri chifukwa cha bering'i yomwe ili pa shelefu ku Limbe, oda ya madesiki ipita kwa wina. Musanatumize ndalama kwa wogulitsa, mufunseni zinthu zitatu: chithunzi cha mota, nambala za mabering'i, ndi kanema makinawo akudula thabwa. Akayamba kuzemba, sungani ndalama zanu.