Pogula motoka yakale, funsaninso za swichi yobisika

Cimanga, soya ndi fodya zikagulitsidwa, alimi, makopaletivu ndi maparishi kuno kum'mawa amayamba kufunafuna motoka yolimba ya m'misewu ya fumbi. Yatsopano ndi ocepa angaikwanitse. Ambiri a ife timagula Hilux, Land Cruiser, Pajero kapena Isuzu yakale, ina yocokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Nakonde, ina yoti yapita kale m'manja mwa anthu atatu kapena anayi muno m'Zambia. Pogula timamvetsera kulira kwa injini, timaona utsi ndi matayala, timafunsa white book. Koma pansi pa dashibodi, pamene pali mawaya, palibe amene amaweramirapo.

Cifukwa ca mbava, eni mamotoka otere ambiri amaikitsa swichi yobisika. Nzeru yake ndi yapafupi. Pa injini zakale za dizilo, monga 1HZ ya Land Cruiser kapena 3L ya Hilux, pampu ili ndi kacipangizo kochedwa solenoid, kamene kamatsegula njira ya mafuta magetsi akafika, ndi kutseka akacoka. Waya wake ndi mmodzi cabe. Munthu amaudula, nalumikiza waya wautali wopita ku kaswichi kobisika pansi pa mpando kapena kumbuyo kwa wailesi. Mbava ikapotokola kiyi, injini imangozungulira osalira. Pa motoka ya petulo amadula waya wa pampu ya mafuta kapena wa koilo.

Ife sitikutsutsa nzeru imeneyi. Yapulumutsa mamotoka. Koma cinsinsi cimakhala ndi mwini wake, ndipo motoka ikagulitsidwa kawiri, katatu, cinsinsi cimatsalira m'mbuyo. Wogulitsa amaiwala, mwina iyenso sanauzidwe. Tsiku lina mwana akusesa m'motoka, kapena thumba la feteleza lakankha mpando, kaswichi kaja kagwedezeka, basi motoka yakana. Makanika amayamba ndi batire, kenaka fyuluta, potsiriza amamasula pampu yonse kuti ipite ku Lusaka. Ngati motoka ndi ya parishi, ndalama zikutha apazi ndi mtulo wa amai amene anagulitsa nkhuku. Matenda enieni ali pansi pa mpando.

Kukana kulira pakhomo ndi vuto laling'ono. Coopsa ndi kuzima motoka ili pa liwiro. Mawaya ambiri oonjezera amangopotedwa ndi zala ndi kukulungidwa tepu. Mabampu a msewu wa fumbi amawagwedeza tsiku ndi tsiku, kutentha kwa Okutobala kumasungunula ulimbo wa tepu, madzi a pa zambuko amabweretsa dzimbiri. Polumikiza paja pakalekana ngakhale kamphindi, solenoid imatseka mafuta. Ganizani mukutsika mapiri a Manenekela pa Great East Road, kumbuyo kuli matumba, pamwamba pa matumba pali anthu a kwaya. Injini ikazima, mphamvu imene imapeputsa ciongolero ndi mabuleki imacokera ku injini yomweyo. Dalaivala amatsala ndi mphamvu za manja ndi mwendo wake, makamaka pa motoka ya otomatiki kapena ngati akutsika ali pa nyutulo posunga mafuta, cizolowezi cimene sitidzaleka kucidzudzula.

Swichi ndi mbali imodzi cabe ya nkhani. Mwini aliyense amasiyapo mawaya ake: malaiti a pamwamba, wailesi, pochajira mafoni, alamu imene inafa kalekale koma ikali kudya batire usiku. Ena amatenga magetsi pa batire penipeni popanda fyuzi. Ena fyuzi ikapsa amamangapo kawaya ka kopa kapena kapepa konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Fyuzi anaipanga kuti ipse iyo m'malo mwa motoka. Mukaicotsa, cimene cidzapsa ndi waya, ndipo waya wodutsa pa bowo la citsulo lopanda mphira umapalika mpaka kugunda citsulo. Apo ndi pamene pamayambira moto.

Palinso ici. Ma Land Cruiser ena a dizilo ndi ma Nissan Safari ocokera ku Japan amayendera 24 volts, mabatire awiri olumikizana. Munthu wofuna kuikamo wailesi ya 12 volts amangokoka pa batire imodzi. Imodziyo imatha msanga, inzake imadzaza mopitirira, ndipo posakhalitsa mumagula zonse ziwiri muli kunyoza wa sitolo. Masiku ano mamotoka ena ogulidwa pa ngongole amakhalanso ndi tracker yotha kuzimitsa injini munthu ali kutali. Ngongole ikatha, kabokosiko nthawi zina kamatsala momwemo.

Pepa la fitness la RTSA silidzakuuzani kumene kuli swichi. Ndiye komiti yogula motoka isapite ndi makanika wa injini yekha. Itengenso wodziwa magetsi a motoka, atsegule pansi pa dashibodi ndi kutsata waya aliyense wosiyana ndi a ku fakitale. Wosadziwika kumene akupita acotsedwe. Wofunika alumikizidwe ndi mtovu, akhale ndi fyuzi yake. Wogulitsa afunsidwe pamaso pa mboni, ndipo yankho lilembedwe m'kalata ya malonda pamodzi ndi nambala ya makiyi.

Ofuna kusunga swichi, ife tikuona kuti ndi bwino aisamutsire pa waya wa sitata. Ena adzati mbava ingakankhe motoka ya magiya n'kuiliza, ndipo akunena zoona. Koma swichi ya pa sitata singazimitse injini imene ikuyenda kale, ndipo pakati pa kubedwa motoka ndi maliro a anthu khumi, ife tasankha.

Motoka ya parishi kapena ya kopaletivu imayendetsedwa ndi anthu angapo, ndipo kawirikawiri imafunika usiku, mai wa pakati akadwala, bambo mfumu ali ku msonkhano ku Chipata. Malo a swichi adziwike kwa wapampando, msungacuma ndi madalaivala onse, ndipo komiti ikasintha, atsopano aonetsedwe tsiku lomwe akulandira makiyi ndi mabuku.