WOPEREKA MSONKHO AYENERANSO KUFUNSA

Chaka ndi chaka, chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo, Nduna ya Zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi kuwerenga ndondomeko ya chuma cha dziko, imene ambiri timangoti bajeti. Imawerenga m'Chingerezi, ndipo manambala ake ndi aatali oti ngakhale katswiri wa masamu m'kalasi mwathu angachite nawo chizungulire. Anthu ambiri amangotseka wailesi. Ena amati zimenezi ndi za andale, ena amati ndi za anthu apantchito olandira malipiro pamwezi. Ngakhale pano pa seminale alipo anzanga amene amati mnyamata wofuna unsembe asamataye nthawi ndi nkhani za ndalama za boma. Ine sindigwirizana nawo. Maganizo anga ndi akuti aliyense wa ife amapereka msonkho, choncho aliyense wa ife ali ndi ufulu ndiponso udindo wofunsa kumene ndalamazo zikupita.

Poyamba tiyeni timvetsane kuti bajeti n'chiyani. Bambo ndi mayi akagulitsa fodya, khofi kapena nthochi, amakhala pansi ndi kugawa ndalamazo: iyi ndi ya fizi, iyi ya feteleza, iyi ya malata, iyi yobweza ngongole. Boma limachitanso chimodzimodzi, kungoti boma lilibe munda. Ndalama zake zimachokera ku misonkho imene bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, limatolera. Zina ndi ngongole, zina ndi thandizo la maiko akunja. Malamulo aakulu a dziko lino salola kuti boma litolere msonkho popanda lamulo lovomerezeka, ndipo amene amavomereza ndi aphungu omwe makolo athu anawasankha. Kotero ndalama za boma ndi thukuta la anthu, ndipo nduna ndi msungichuma chabe.

Nanga wopereka msonkho ndani? Ambiri amaganiza kuti ndi aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki okha, amene amadulidwa msonkho wa PAYE pa malipiro awo. Komatu pali msonkho wina wotchedwa VAT umene umabisala m'kati mwa mtengo wa katundu. Zakudya zambiri zosakonzedwa m'fakitale, monga chimanga ndi ndiwo zamasamba, zilibe msonkhowu. Koma mukagula nsapato m'sitolo, thumba la simenti, malata kapena mayunitsi a foni, mwapereka. Mukakwera minibasi kuchoka ku Luwinga kulowa m'tauni mwaperekanso, popeza mtengo wa mafuta uli ndi ndalama zoonjezera, monga za misewu ndi za magetsi akumudzi, ndipo mwini minibasi amaziika pa mtengo wa ulendo. Nsalu ndi ziwiya za pa msika wa Taifa, zimene zimalowa kuchokera ku Tanzania kudzera pa chipata cha Songwe, nazonso zimalipiridwa msonkho, ndipo wamalonda amaubweza kuchokera kwa wogula. Tsono mayi wogulitsa zitumbuwa ku Chibavi, mnyamata wakabaza ku Mchengautuwa, ngakhale ine ndi inu pa tchuthi, tonse ndife okhoma msonkho.

Kumapeto kwa chaka cha 2025, pounikanso bajeti pakati pa chaka, Nduna ya Zachuma a Joseph Mwanamvekha analengeza kuti VAT ikwera kuchoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti. Analengezanso kuti gawo la malipiro losadulidwa msonkho likwera kuchoka pa K150,000 kufika pa K170,000 pamwezi. Anthu anatsutsana kwambiri pa nkhaniyi. Ine ndikuona chinthu chimodzi: kukweza gawo losadulidwa msonkho kumakhudza munthu amene ali pa ntchito yolembedwa, pamene kukweza VAT kumagwira aliyense. Waganyu sanapindule kanthu ndi K170,000 ija, chifukwa sanalandirepo malipiro otero, koma VAT yokha ikumupeza.

Tiwerengere limodzi. Ngati nsapato za sukulu zili pa K20,000 msonkho usanaikidwe, VAT ya 17.5 peresenti ndi K3,500. Bwana wa galimoto akagula nsapatozo apereka K3,500. Wakabaza akagulira mwana wake nsapato zomwezo aperekanso K3,500. Pa pepala zikuoneka zofanana, koma bwanayo sazimva n'komwe, pamene kwa wakabaza ndi ndiwo za banja lonse. Munthu wosauka amagwiritsa ntchito ndalama zonse zimene wapeza, alibe yosunga, choncho msonkho wa pa katundu umaluma gawo lalikulu la zimene ali nazo. N'chifukwa chake ndikuti msonkho wotere uzikhala womaliza kuuganizira, njira zina zonse zitayesedwa.

Pamenepa wina andifunsa kuti, kodi boma lipeze kuti ndalama? Funsoli ndi lomveka ndipo sindilithawa. Tonse timafuna mankhwala m'zipatala, mabuku m'sukulu, feteleza wotsika mtengo ndi misewu yabwino. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mu 2025 boma linalengezanso kuti lichotsa fizi m'sukulu zake za sekondale kuyambira mu Januwale 2026. Zaulere zoterezi wina amazilipira. Ndiponso m'chaka chomwecho cha 2025 dziko la America linadula thandizo lochuluka limene linkapereka ku maiko osauka, kuphatikizapo kuno kwathu. Walira mvula walira matope. Sitingafune chitukuko n'kumakana msonkho.

Koma musanathire madzi ena mumtsuko, muyenera kuona kaye ngati sukudontha. Taonani bajeti ya 2025/26 imene a Simplex Chithyola Banda anawerenga mu Febuluwale 2025. Yonse inali yoposa pang'ono K8 thililiyoni. Mwa ndalama zimenezi, zoposa K2 thililiyoni zinali zolipirira chiwongoladzanja cha ngongole za boma. Ndiye kuti pa K4 iliyonse, K1 inkapita kwa okongoza, osati kubweza ngongoleyo ayi, koma chiwongoladzanja chokha. Ndalama zimenezi zinaposa zimene zinaperekedwa ku maphunziro, zinaposanso za zaumoyo. Mu 2006 maiko ndi mabungwe akunja anatikhululukira ngongole zambiri, koma zaka 20 zisanakwane tinali titamiranso. Maboma a zipani zosiyanasiyana onse anakongolako. Obweza ndife amene lero tili mu Fomu 3 ndi Fomu 4, pamodzi ndi ana amene sanabadwe. Kodi n'kulakwa kuti wobweza ngongole afunse chimene ngongoleyo inagula?

Kudontha kwina ndi kuba. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake panaululika nkhani ya Cashgate. Makampani ankalipidwa pa ntchito zimene sanagwire, ndipo antchito ena aboma anapezeka ndi mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'magalimoto. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K20 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Maiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimitsa thandizo lawo, ndipo ovutika anali odwala ndi ana asukulu. Ndalama zimenezo zinali m'bajeti, aphungu anazivomereza, koma sizinafike kumene zinalembedwa.

Palinso malonjezo amene amathera pa mwala wa maziko. Mu 2015 mwala unaikidwa ku Mzimba poyambira ntchito yomanga yunivesite ya Mombera. Zaka 10 zinadutsa popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe kulowa m'kalasi pamalopo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mawu a bajeti amakoma pa wailesi, koma muyeso wake weniweni ndi chimene chaima pansi chaka chikatha.

Ife a ku Mzuzu tiyenera kudziwa kuposa wina aliyense kuti nkhani za chuma si masewera. Mu 2011, boma la malemu Bingu wa Mutharika litasemphana ndi maiko othandiza, Nduna ya Zachuma a Ken Kandodo anabweretsa bajeti yofuna kuti ntchito za tsiku ndi tsiku za boma ziziyenda ndi ndalama zathu zokha. Cholinga chodzidalira chinali chabwino, koma njira yake inali kuika misonkho ngakhale pa zinthu monga buledi, mkaka ndi nyama, pa nthawi imene mafuta ndi ndalama zakunja zinkasowa. Panalinso madandaulo ena okhudza ulamuliro. Pa 20 Julayi anthu anapita pamsewu, ndipo pa masiku awiri anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno. Mzinda umene unataya anthu ambiri ndi wathu uno, ndipo ena mwa iwo anagona ku manda a ku Zolozolo. Phunziro limene ine ndimatengapo ndi lakuti anthu akasowa pofunsira mwamtendere, mkwiyo umadzipezera njira yake. Kufunsa msanga, poyera ndi mwaulemu kumateteza moyo.

Tsono ndibwere kwa anzanga amene amati izi si za ife. Amakonda kundikumbutsa za tsiku limene Ambuye Yesu anafunsidwa za msonkho wa Kaisara, mfumu ya ku Roma. N'zoona, Ambuye sanaletse anthu kukhoma msonkho, ndipo Eklezia amaphunzitsa kuti kupereka msonkho ndi udindo wa Mkhristu. Wozembetsa katundu pa chipata ndi wokana kupereka lisiti amabera odwala a m'chipatala. Koma Mthenga Wabwino womwewo umatiuzanso kuti okhometsa msonkho atapita kwa Yohane Mbatizi, iye anawachenjeza kuti asalandire zopitirira zimene analamulidwa. Umatiuzanso za Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, amene atakumana ndi Ambuye analonjeza kubweza kanayi zonse zimene analanda. Choncho udindo uli mbali zonse ziwiri: wopereka apereke mokhulupirika, wolandira asunge mokhulupirika ndi kufotokoza.

Mbiri ya Mpingo wathu ikuchitiranso umboni. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Aepiskopi athu. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha ufulu wolankhula, koma inanenanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, ndi mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala. Zonsezi ndi nkhani za bajeti. Mmodzi mwa osayina anali Monsinyo John Roche, amene ankayendetsa dayosizi yathu ya Mzuzu, ndipo mu Epulo chaka chomwecho boma linawathamangitsa m'dziko muno. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Aepiskopiwo sanayambitse chipani, sanauze anthu munthu womuvotera. Anangolankhula m'malo mwa nkhosa zawo. Ufulu wofunsa umene ife tinaupeza pobadwa, ena anauvutikira.

Wansembe sayenera kuvala nsalu ya chipani, ndipo ine sindikupempha zimenezo. Koma mbusa amene adzaike maliro a mwana womwalira chifukwa chosowa mankhwala, amene adzalandire makolo odandaula fizi pakhomo la parishi, ayenera kudziwa chiyambi cha mavutowo. Kutchalitchi kwathu msungichuma amaimirira ndi kuwerenga lipoti la chopereka ndi mtulo, ndipo Akhristu amafunsa mafunso popanda wina kuwanena kuti ndi amwano. Ngati timafunsa za ndalama za m'mbale ya Lamulungu, tilekerenji kufunsa za mathililiyoni?

Ndili ndi mapempho atatu. Loyamba likupita kwa boma. Unduna wa Zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kuno ku Mzuzu, koma ofikako kawirikawiri ndi a mabungwe ndi a makampani odziwa Chingerezi. Bajeti izifotokozedwa mwachidule m'Chichewa, Chitumbuka, Chitonga ndi zinenero zina, ndipo pakutha pa chaka tiziuzidwa zimene zachitika ndi zimene zalephereka. Boma lisanakweze msonkho wogwira osauka, lionetse kaye kuti latseka mipata ya kuba ndi kuchepetsa maulendo ndi magalimoto a akuluakulu.

Lachiwiri likupita ku Mpingo. Tili ndi wailesi ya Tigabane, tili ndi Radio Maria, tili ndi bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, tilinso ndi miphakati m'dera lililonse. Izi zingathandize anthu kudziwa ndalama zimene zaperekedwa ku khonsolo ya mzinda wawo ndi ku thumba la chitukuko cha dera la phungu wawo, kuti phungu akabwera azipeza mafunso m'malo mwa manja opempha.

Lachitatu ndi lathu, anzanga. Nyuzipepala ikafika mulaibulale tisamangothamangira tsamba la mpira. Tiwerengenso la zachuma, ndipo pamene sitikumva tifunse aphunzitsi. Masamu a maperesenti amene timawadandaula m'kalasi ndi omwewo amene amagwira ntchito pa lisiti la m'sitolo. Pa tchuthi tiwafotokozere agogo ndi makolo athu kuti nawonso ndi okhoma msonkho, kotero mankhwala a kuchipatala cha boma si mphatso ya munthu wina aliyense.

Akulu anati safunsa anadya phula. Dziko lathu ladya phula lokwanira. Tiyeni tipereke msonkho mokhulupirika, tipempherere atsogoleri athu kuti Mulungu awapatse nzeru ndi mtima woopa chuma cha anthu, ndipo tikatero tiwafunse, mwaulemu koma mosatopa, kuti ndalama zathu zagwira ntchito yanji.