Mikono ya Defender yokwezedwa: isinthidwe kapena ikhale yomweyo?

Land Rover Defender yomaliza ya mtundu wakale inatuluka m'fakitale ya ku Solihull, ku England, mu Januwale 2016, koma kuno kwathu galimotoyi sinapume. Zambiri zimene kale zinkagwira ntchito kumishoni, kupolisi ndi m'maesiteti tsopano zili m'manja mwa anthu wamba, ndipo wogula akangoitenga chimene amayamba kuganiza n'kuikweza. Amagula masipuling'i aatali, n'kuika matayala akuluakulu kuti pansi pasamagunde miyala. Pakatha masabata angapo dandaulo limayamba: galimoto ikuyenda mozemba pa tala, chiwongolero sichikubwerera chokha ukakhota, ndipo ukadutsa liwiro la makilomita 80 umachita kuchigwira ndi manja awiri mtima uli m'mwamba. Apa mpamene makaniko amati vuto ndi mikono, n'kutchula mtengo.

Makanikoyo sakunama, kungoti nkhani yake ili ndi nthambi. Kuyambira mu 1983, pamene Land Rover 110 inatuluka itasiyana ndi masipuling'i a mapuleti n'kutengera ozungulira amene Range Rover inayamba nawo mu 1970, ekiselo yakutsogolo imagwiridwa ndi mikono iwiri yachitsulo chosula imene amakaniko amaitchula kuti ma radius arm. Mkono uliwonse umamangidwa ku chasisi pamalo amodzi, ndipo ku ekiselo umagwira ndi mabushi awiri. Kumbuyo kuli mikono ina iwiri yamapaipi, komanso chitsulo chooneka ngati chilembo cha A pamwamba pa difu. Mukakweza galimoto, ekiselo imatsika molendewera pamikonoyo, ndipo potsikapo imapendekera kutsogolo. Poti mkonowo ndi wotalika pafupifupi mita imodzi, kukweza ndi mamilimita 50 kumadya madigiri pafupifupi 3 a chimene amachitcha caster. Tsoka lake n'loti caster yonse imene fakitale inaika ndi madigiri pafupifupi 3 omwewo.

Aliyense amene anapalasapo njinga amaidziwa caster ngakhale osadziwa dzina lake. Foloko ya njinga imapendekera kumbuyo, n'chifukwa chake wakabaza amatha kusiya zigwiriro njinga n'kumalunjikabe. Foloko ikapindika pangozi n'kuima chilili, njingayo imakhala yophonya, ukangoyang'ana kumbali walowa m'tchire. Defender yokwezedwa imene mikono yake sinakhudzidwe imachitanso zomwezo, kusiyana kwake n'koti iyo imalemera pafupifupi matani awiri ndipo yanyamula anthu.

Njira yotchipa ndi ya mabushi amene bowo lawo silili pakati. Old Man Emu ndi SuperPro, makampani a ku Australia, ndi ena mwa amene amapanga mabushi otere. Mkono umakhala womwewo, bushi ndi imene imatembenuza ekiselo kuti ibwerere pang'ono. Amene amaikonda njirayi ali ndi mfundo yomveka. Mabushi ndi opepuka, m'bale wochokera ku Johannesburg akhoza kubwera nawo m'chikwama, ndipo mkono wa fakitale, umene ndi wolimba zedi, umatsala pamalo pake. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mtengo wa mabushi ndi wa mikono iwiri yachitsulo yolipiridwa ndege ndi msonkho si nkhani yoipeputsa.

Koma muione bushi yotereyi ikachotsedwa itayenda misewu yathu. Mbali imodzi imakhala yonenepa, ina yopyapyala kwambiri, ndipo mbali yopyapyalayo ndi imene imafinyika nthawi iliyonse tayala limodzi likakwera mwala lina lili m'dzenje. Imang'ambika msanga, bawuti n'kuyamba kugunda chitsulo. Imachepetsanso kupindika kwa ekiselo, pamene kupindikako n'kumene kunatchukitsa Defender. Ndiponso poiika pamafunika kulondola: makaniko akaikhomera itatembenuka pang'ono, mbali ziwiri za ekiselo zimakokana. Kwa amene amayenda pa tala kawirikawiri, njirayi imakwana. Kwa amene amakwera msewu wa Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena kulowa ku Nyika kudzera ku Thazima, ndimaona kuti ndi ndalama yolipira kawiri.

Mikono yopangidwa mwapadera imathetsa vutolo pa chitsulo penipeni. Terrafirma ndi makampani ena a ku Britain amagulitsa mikono yobweza madigiri 3, yoyenera galimoto yokwezedwa ndi mamilimita 50, ndi ina yobweza madigiri 6 ya zokwezedwa kufika pa 100. Ubwino wake waukulu n'kuti mabushi amabwerera kukhala wamba, amene mungawapeze m'sitolo ya zipangizo za Land Rover. Nsonga yolowa ku chasisi nayo amaipinda pang'ono kuti mabushi a kumeneko asakhale opanikizika galimoto itangoima. Chiwongolero chimabwerera mwakale, ndipo woyendetsa amamva kusinthako asanatuluke n'komwe m'tauni.

Ogulitsa satchula kawirikawiri chimene chimatsatira. Mukatembenuza ekiselo kuti caster ibwerere, mphuno ya difu imaweramira pansi, ndiye kuti pulopela yakutsogolo, shafuti yopereka mphamvu ku difuyo, imagwira ntchito itapindika kwambiri. Defender imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, choncho pulopelayo siipuma ngakhale pa msewu wa M1. Zotsatira zake ndi kunjenjemera pansi pa mapazi, makamaka mukachotsa phazi pa mafuta, ndiponso majointi a pulopela amatha msanga. Mankhwala ake ndi pulopela ya majointi awiri mbali imodzi, yotchedwa double cardan, imene ndi ndalama inanso. Pa madigiri 3 magalimoto ena amapirira, ena ayi. Pa madigiri 6 musadzivute n'kuyembekeza, ikani pulopelayo pa bajeti. Ilipo njira ina yobwezera caster pa mabolo amene matayala amakhotera, difu osaikhudza, koma imafuna kumasula mbali zonse ziwiri za ekiselo.

Kumbuyo nkhani ndi ina. Mikono ya fakitale ndi mapaipi opyapyala, ndipo ikagunda mwala kapena chitsa imapindika. Galimoto imayamba kuyenda chammbali, tayala limodzi n'kumadyeka lokha. Mikono yolimba yogula mwapadera, makamaka yopindidwa kuti igwirizane ndi kukwezako, apa ndi yothandiza ndithu, ndipo ilibe vuto la pulopela ngati lakutsogolo lija. Komabe amakaniko akale amatsutsa ndi mfundo imene ine ndimailemekeza. Amati mkono wofewa ukapindika umapulumutsa chasisi. Ukaika wosapindika, mphamvu ya kugundako imapita pa bulaketi imene yawotchereredwa ku chasisi, ndipo pa galimoto ya zaka 30 yomwe matope akhala akugona m'makona mwake, bulaketiyo ndi imene imazuka. Mkono wopindika mumaumasula pansi pa mtengo n'kuikapo wina. Chasisi chong'ambika chimafuna wowotcherera waluso ndi magetsi, zinthu zimene kuthengo kulibe. Choncho musanagule mikono yolimba, lowani pansi ndi hamala, gogodani mabulaketi, mumve ngati chitsulo chikulira bwino kapena chikugwetsa dzimbiri.

Palinso mikono ya majointi achitsulo okhaokha m'malo mwa labala. Imeneyi ndi ya mipikisano yokwera miyala, kumene galimoto imabwera pa ngolo n'kubwereranso pa ngolo. Fumbi la mu Okutobala likalowa mu jointi yotere n'kusakanikirana ndi girizi limaipala mpaka iyambe kugogoda, ndipo phokoso lonse la msewu limafika pampando. Pa galimoto yantchito sindikuonapo phindu.

Pa mabushi wamba, mkangano wa labala ndi polyurethane sudzatha. A polyurethane, monga a Polybush, amalowa ndi manja popanda makina okhomera, ndipo saopa oilo, chimene n'chofunika pa galimoto imene injini yake imadontha kawirikawiri. A labala abwino amameza mabampu a msewu wafumbi mofewa, ndipo salola fumbi kulowa chifukwa labalayo ndi womatiriridwa ku chitsulo. Choipa kwambiri pa onse ndi labala wotchipa wosadziwika kochokera, amene amasweka dzinja limodzi lisanathe. Pogula muyeze kaye, chifukwa mikono yakale ili ndi mabushi opyapyala kusiyana ndi imene inabwera cha m'ma 1994 pamodzi ndi injini ya 300Tdi, ndipo magalimoto ambiri kuno anasinthidwapo maekiselo. Mabawuti amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke, itaima ndi matayala ake. Akamangidwa ekiselo ikulendewera, labala amapotoka tsiku lomwelo.

Chimodzi chokha ndimachikana kotheratu, ndicho kuotcha mkono wakutsogolo ndi gasi n'kuupinda, kapena kuudula n'kuulumikiza. Owotcherera athu ku Ndirande ndi ku Biwi ali ndi luso lalikulu, ndipo magalimoto ambiri akuyenda lero chifukwa cha iwo. Koma moto umasintha chitsulo chosula mkati mwake, mosaoneka ndi maso, ndipo mkono umenewu ndi umene umagwira ekiselo mukaponda mabuleki. Ukathyoka pa liwiro palibe chiwongolero chimene chingakupulumutseni.

Eni magalimoto ambiri amagulanso mikono pa matenda amene si a mikono. Chiwongolero chogwedezeka mwamphamvu mukagunda dzenje nthawi zambiri chimachokera ku mabushi a Panhard rod (chitsulo choletsa ekiselo kuyenda chammbali), ku maberingi a mabolo okhotera amene alekerera, ku ma ball joint otha, kapena ku matayala osabalansidwa. Zimenezi ziyambe zakonzedwa, kenako caster iyezedwe pa makina, nambala ioneke papepala.

Ngati Defender yanu sinakwezedwe, mikono ya fakitale ndi mabushi abwino a labala palibe choiposa, ndipo masipuling'i olimba a msinkhu wamba amanyamula katundu popanda kusokoneza chilichonse. Ngati mwatsimikiza kukweza, lekezani pa mamilimita 50, gulani mikono yakutsogolo ya madigiri 3, ndipo musungiretu ndalama ya pulopela. Ndalama zikapanda kukwana zonsezi pamodzi, masipuling'i aataliwo ayambe adikira m'katoni.