Zithunzi zanu sizili kumwamba, zili m'nyumba yodya magetsi

Loweruka lina mwezi wathawu magetsi anathima kwathuko kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Foni yanga inatsala pang'ono kuzima, ndiye ine ndi mphwanga tinatsetserekera kumsika kwa mnyamata wina wometa amene ali ndi sola kuti akanditchajire. Tili pabenchi kudikira, jenereta ya pa nsanja ya netiweki yomwe ili kuseri kwa msikawo inkangolira, kautsi kakuda kakutuluka. Chigayo chinali chitaima, owotcherera zitsulo atangokhala pansi kumacheza, koma WhatsApp ikuyenda bwinobwino.

Nditadandaula kuti foni yangayo yadzaza, mphwangayo, yemwe ali Fomu 3, anandiseka. "Achimwene, ingofufutani basi, zithunzi zonse zili pa cloud." Ndinamufunsa kuti cloud-yo ili kuti. Analoza kumwamba uku akuseka, kenako n'kunena kuti zimenezo n'za azungu.

Amene anasankha dzina lakuti cloud anali wochenjera. Mtambo sulemera ndipo sulipira bilu. Koma chithunzi chanu cha pa chinkhoswe chija chikachoka mufoni, chimafikira pa nsanja ngati ija yolira jenereta, n'kulowa muwaya wa fibre wodutsa pansi kapena pamapolo. Poti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, wayayo amadutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique kuti akalumikizane ndi zingwe zogona pansi pa nyanja. Amene munali pa intaneti mu May 2024 mukukumbukira momwe zinthu zinkakwawira masiku angapo, vidiyo osatseguka, status osakwera. Zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinali zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa. Tsiku limenelo ambiri tinazindikira kuti intaneti ndi chinthu choti chikhoza kuduka ngati chingwe choyanikira zovala.

Kumapeto kwa ulendo wonsewo kuli chinyumba chachikulu chopanda mawindo, chotchedwa data centre. M'kati mwake muli makompyuta zikwizikwi oikidwa m'mashelefu, ndipo sazimitsidwa usana kapena usiku. Mukudziwa momwe foni imatenthera mukaonera mpira kwa ola lathunthu. Ndiye taganizirani makompyuta odzaza nyumba yaikulu kuposa bwalo la mpira. Pamafunika magetsi oyendetsa makinawo, magetsi enanso oziziritsa, mabatire ndi majenereta a dizilo odikira kuti magetsi akangothima alowepo.

Tiyeni tiwerengere ndi mayunitsi omwe timagula a magetsi olipiriratu aja. Bungwe la International Energy Agency, lomwe limatsata za mphamvu zamagetsi padziko lonse, linati mu 2024 ma data centre anadya mayunitsi pafupifupi 415 biliyoni. Dziko lathu lonse, kuphatikiza mafakitale, zipatala ndi nyumba zonse, silifika ngakhale mayunitsi 3 biliyoni pachaka. Ndiye kuti nyumba za makompyutazi zimadya magetsi oposa ka 100 poyerekeza ndi Malawi yense. Bungwe lomwelo likuyembekeza kuti pofika 2030 chiwerengerochi chidzakhala chitawirikiza kawiri n'kupitirira, kufika cha m'ma 945 biliyoni, omwe ndi ochuluka pang'ono kuposa magetsi amene dziko la Japan limagwiritsa ntchito lero.

Chikukankha kwambiri chiwerengerochi ndi AI. Kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, makampani akuluakulu akhala akupikisana kumanga ma data centre atsopano odzaza makina amphamvu omwenso ndi osusuka pa magetsi. Kampani ya Google inavomera yokha mu lipoti lake la 2024 kuti mpweya woononga chilengedwe umene imatulutsa unakwera ndi 48 peresenti kuyerekeza ndi 2019. Iyitu ndi kampani yomwe inalonjeza kuti pofika 2030 idzakhala itathana nalo vutoli. Microsoft nayo mu September 2024 inasaina mgwirizano woti malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku America, omwe mbali yake inatsekedwa mu 2019, atsegulidwenso kuti igule magetsi ake. Kampani ya makompyuta kufika podzutsa malo a nyukiliya ogona, njala yake si yamasewera.

Palinso madzi. Ma data centre ambiri amaziziritsa makina pogwiritsa ntchito madzi omwe amauluka ngati nthunzi, osabwereranso mupaipi. Ku America kuli katauni kotchedwa The Dalles, m'chigawo cha Oregon, komwe kuli ma data centre a Google. Nyuzipepala ya kumeneko itafunsa kuti kampaniyo imamwa madzi ochuluka bwanji, akuluakulu a tauniyo anakana kuulula mpaka nkhani inakafika kukhoti. Zitaululika, zinapezeka kuti mu 2021 mokha anagwiritsa ntchito malita oposa 1.3 biliyoni, kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a tauni yonse. Amayi amene amadzuka 4 koloko kukaima pamzere pa kiyosiki angamvetse bwino tikati zidebe za malita 20 zoposa 60 miliyoni. Chomwe chimandipweteka pankhaniyi ndi kubisako. Eni madziwo anachita kumenyera kukhoti kuti adziwe.

Wina anena kuti zimenezo n'za ku America, ife zikutikhudza bwanji? Chabwino, tibwere pafupi. Ma data centre akuluakulu amene tayandikana nawo ali ku South Africa. Microsoft inatsegula ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Ndipo magetsi ambiri a ku South Africa amachokera ku malasha otenthedwa m'chigawo cha Mpumalanga. Makampaniwa amagula ndithu magetsi a dzuwa ndi mphepo, zimenezo tisawamane. Koma usiku dzuwa kulibe, makina akuyenda, ndipo gridi yomwe alumikizidwako ndi yomwe ija ya malasha. Utsi wake ulibe pasipoti. Umaonjezera pa mpweya umene ukutenthetsa dziko lapansi, ndipo amene anakumba matope ku Chilobwe ndi ku Phalombe namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 safunika kuuzidwa tanthauzo la nyengo yolusa. Sindikunena kuti TikTok ndiyo inabweretsa Freddy, ayi. Ma data centre ndi gawo laling'ono, pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse. Koma ndi gawo lomwe likukula mwaliwiro pa nthawi imene magawo onse amayenera kumachepa.

Apa tsopano ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena okonda chilengedwe. Nthawi zina mumaona mauthenga akuzungulira akuti fufutani ma email akale mupulumutse dziko, kapena chepetsani kuonera mavidiyo. Kunena zoona, ine zimenezi zimandinyansa zikamauzidwa kwa wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene amachita kupempha K500 ya bandulo ya tsiku limodzi. Kafukufuku wa bungwe la IEA lomwe lija anayerekeza kuti kuonera vidiyo kwa ola limodzi mu 2019 kunkatulutsa magalamu pafupifupi 36 a mpweya wa kaboni, ofanana ndi kuyendetsa galimoto mamita 200. Bwana amene amasiya injini ikulira panja pa shopu kuti m'galimoto muzizizira amaposa zimenezo musanamalize n'komwe kuwerenga ndime ino. Komanso bandulo yatiphunzitsa kale kusamala. Ndani mwa ife sanazimitse auto-download? Ndani amaonera vidiyo ya HD mwachisawawa? Umphawi unatipanga kale kukhala osamala chilengedwe, mosafuna.

Ngati pali poti munthu payekha angachitepo kanthu, ndi pa foni yeniyeniyo. Mpweya wambiri woipa wokhudza foni umatuluka pa nthawi yoipanga, isanafike n'komwe m'manja mwanu: kukumba miyala, kuisungunula, kupanga tizipangizo ta m'kati, kunyamula. Cobalt wa m'mabatire, wochuluka kuposa theka la wa dziko lonse, amakumbidwa ku DR Congo, komwe enanso amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Ndiye mnyamata wa pa kabenchi ku Limbe kapena ku Malangalanga amene amasintha sikirini ndi batire, foni n'kuyendanso zaka ziwiri, akuthandiza chilengedwe kuposa onse ofufuta ma email. Ulemu wake sitimupatsa, timangomunena kuti amaba zida za mufoni.

Koma nkhani yaikulu ili kutsogoloku. Makampani a cloud akusakasaka malo okhala ndi magetsi otchipa, madzi ndi malo, komanso maboma osavuta kukambirana nawo. Mu May 2024 Microsoft ndi kampani ya G42 analengeza za data centre ya ndalama zokwana 1 biliyoni ya madola ku Olkaria m'dziko la Kenya, yoti iziyendera magetsi ochokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka. Ifenso tili ndi data centre ya boma ku Blantyre yomwe inatsegulidwa mu 2022, ndipo imeneyo ndi yofunika, chifukwa zikalata za Amalawi ziyenera kusungidwa m'dziko mwawo. Yaing'ono ngati imeneyo siindiopsa. Chondidetsa nkhawa ndi tsiku lomwe kudzabwere wa sutikesi n'kunena kuti ali ndi ndalama zambirimbiri zomangira chimphona m'mbali mwa Shire kapena m'mphepete mwa nyanja, ife n'kuombera m'manja tisanafunse kalikonse.

Tisanaombe m'manjamo, tione kaye zomwe zinachitika ku Ireland. Dzikolo linakopa makampaniwa ndi misonkho yotsika. Mu 2015 ma data centre ankadya 5 peresenti ya magetsi a dzikolo. Pofika 2023 anali pa 21 peresenti, kuposa nyumba zonse za m'mizinda kuziphatikiza pamodzi. Zinafika poti oyendetsa gridi anayamba kukaniza kulumikiza ma data centre atsopano mu mzinda wa Dublin ndi madera ozungulira, poopa kuti magetsi sakwanira. Singapore nayo inaimitsa kumanga atsopano kuyambira 2019 mpaka 2022. Awatu ndi maiko olemera, oti nyumba iliyonse ili ndi magetsi.

Nanga ife? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankawunikira magetsi a pa gridi. Zasinthako pang'ono, koma ambiri akadali pa tochi ndi kasola. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake unatenga chaka ndi miyezi. Data centre imodzi yaikulu ya masiku ano imatha kudya mamegawati 100. Ndiye kuti nyumba imodzi yokha ikhoza kumeza pafupifupi Kapichira yense. Ndipo ikangomangidwa, ntchito zokhazikika zimakhala zochepa: alonda, okonza zoziziritsa, mainjiniya owerengeka. Musayembekeze kuti ilemba anthu ngati esiteti ya tiyi.

Ine sindikukana chitukuko, ndipo intaneti ndimaifuna kuposa ambiri a inu, poti ndi yomwe ikukufikitsirani zomwe ndalembazi. Data centre yapafupi ingachititse kuti intaneti ikhale yachangu, mwinanso yotchipa. Koma wobwerayo abwere ndi magetsi ake atsopano, osati kudzapanikizana nafe pa kochepa komwe tili nako. Kuti n'zotheka taona kale: ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60, ku Golomoti kuli wina wa 20 wokhala ndi mabatire osungira. Otsala awathire pa gridi yathu. Anenenso poyera malita a madzi amene azitunga pachaka ndi komwe aziwatunga, mgwirizano usanasainidwe, ndipo mgwirizanowo tiuwerenge tonse. A ku The Dalles anali ndi nyuzipepala yokhala ndi maloya oiimira. Mudzi wa ku Chikwawa ungakwanitse?

Funso lomwelo lipitenso kwa makampani athu a mafoni ndi bungwe la MACRA lomwe limawayang'anira. Nsanja zingati m'dziko muno zikuyendera dizilo, ndipo ndi malita angati pachaka? Dizilo ameneyo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, ndipo mtengo wake umabisala mu bandulo yomwe ine ndi inu timagula. Nsanja zina, makamaka za kumidzi, zili kale ndi sola. Zotsalazo zikudikira chiyani m'dziko la dzuwa ngati lino? Aphungu athu ali pa Facebook, ena amayankha ndemanga usiku wonse. Kawafunseni kumeneko.

Foni yanga inadzaza cha m'ma 4 koloko, wometa uja n'kundilipiritsa. Pobwerera tinadutsa pafupi ndi mpanda wa nsanja ija, pomwe panali galimoto itabweretsa zigubu za dizilo. Ndinamukodola mphwanga n'kumuuza kuti cloud yake ija imayambira pamenepo. Anayang'ana zigubuzo, n'kuzijambula, n'kuika pa status.