Malaiti akapita, mpweya wa mu fiyeta umayenda bwanji?

Amayi ndi abambo a m'maliketi, inu a ku Soweto, City Market, Kabwata, Chelstone mpaka ogulitsa m'mbali mwa misewu ya Roma ndi Ng'ombe, mukudziwa chimene chimachitikira nyama ndi nsomba mu fuliji malaiti akapita. Manje ganizirani mwana wanu ali pa bedi mu fiyeta, madokotala amutsegula pamimba.

Mu fiyeta mawindo satsegula. Mpweya umalowa ndi makina amene amasefa fumbi ndi tizilombo. Akatswiri amati mpweya wonse wa m'chipindamo uyenera kusinthidwa ka 20 pa ola. Makinawo amaupopanso mwamphamvu kuti chitseko chikatseguka, mpweya uzituluka, wa m'khonde usalowe. Akaima, mpweya wa m'khonde umalowa ndi tizilombo take, kugwera pa chilonda. Chilonda chikachita mafinya, mayi amene anabereka ndi opaleshoni amagonanso m'chipatala masabata, tebulo lake ku maliketi lili chabe, nkhongole ya chilimba ikumudikira.

Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malo ena mu Lusaka anafika maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Simunaiwale. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa ndi thandizo la Japan kuti maopaleshoni ena azichitika pafupi, onse asamathamangire ku UTH. Nyumbazo ndi zabwino, koma nyumba siisefa mpweya. Zosefera zimafuna kusintha, makina amafuna wowakonza, jenereta imafuna dizilo.

Ndiye ife tikufunsa Unduna wa Zaumoyo zinthu zitatu. Uuze anthu poyera ndi mafiyeta ati mu Lusaka amene makina ake a mpweya akusebenza. Fiyeta iliyonse ikhale ndi jenereta kapena sola yoyendetsa makinawo, osati mababu chabe. Ndalama yokonzera makina ilembedwe payokha mu bajeti.

Inu mumalipira levy ya kanselo, ena mumaponyanso ku NHIMA. Muli ndi ufulu wofunsa. MP kapena kansala akabwera ku maliketi ndi vitenge, landirani, koma mufunseni: malaiti akapita, fiyeta ya chipatala chathu imapuma bwanji? Akayamba kuzungulira, mukumbukire pa tsiku la voti.

Tumizani uthengawu mu gulu la WhatsApp la maliketi yanu.