Mtedza wa ku Neno Ugulitsidwe Mopikulitsa

Boma la Neno, lomwe lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndi limodzi mwa maboma amene Chauta adawadalitsa ndi nthaka yabwino. Kumtunda kwa Mfumu Dambe, kumene kumazizira, kumachokera mbatatesi ndi tirigu, ndipo mitengo ya makadamiya imakula bwino m'mapiri a bomali. M'minda ya mabanja ambiri simusowanso mizere ya mtedza. Funso limene atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi phindu la mtedza wonsewu likulowa m'thumba la yani?

Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Mlimi akangokolola, venda amafika pakhomo ndi ndowa yake nagula mtedzawo pamtengo wolozera, chifukwa nthawi imeneyo aliyense ali nawo. Mtedza uja umawoloka Shire pa Zalewa, ukakazingidwa ndi kuperedwa ku Blantyre, kenaka nkubwerera m'golosale ya pa Neno uli m'botolo la chiponde limene mlimi yemwe uja sangakwanitse kugulira ana ake. Wakhetsa thukuta ndi wina, wokolola ndalama ndi wina.

Njira yotulukira m'vutoli ndi yakuti magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivi azikonza okha mtedzawo, kuukazinga, kusinja nsinjiro, kupera chiponde ndi kuswa makadamiya, kenaka nkugulitsa mopikulitsa kwa eni masitolo, mahotela ndi masukulu ogonera pomwepo. Koma msika wopikulitsa uli ndi mwambo wake. Mwini sitolo safuna timapaketi khumi lero kenaka zii mpaka chaka chamawa. Iye amafuna katundu wochuluka, wofanana ubwino wake, wofika pa tsiku limene adapangana.

Pa nkhani ya kuchuluka kwa katundu, mutu umodzi susenza denga. Alimi ang'onoang'ono a makadamiya a ku Neno, Ntchisi ndi maboma ena adaonetsa kale chitsanzo pamene makopaletivi awo adalumikizana pansi pa bungwe la HIMACUL, ndipo mtedza wawo udafika mpaka ku Britain kudzera ku kampani ya Nutcellars. Mbewu imene kwa zaka zambiri inkadziwika ngati ya m'maesiteti a ku Thyolo idapezera mlimi wamba msika wakunja chifukwa cha mgwirizano.

Mdani wamkulu wa mgwirizano wotere ndi membala amene amalonjeza zokolola zake ku gulu, usiku nkukazigulitsa kwa venda. Ena amamuikira kumbuyo ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, pakuti mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, bambo sangadikire malipiro a miyezi itatu. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo siloyenera kulinyoza. Mankhwala ake ndi akuti gulu likhale ndi thumba lolipirira gawo la ndalama tsiku lomwelo mlimi wapereka mtedza pasikelo, zotsalazo nkudzamaliza wopikula akalipira. Gulu lopanda thumba lotere lidzaluza katundu chaka ndi chaka, ngakhale atsogoleri ake atalankhula mokoma chotani pamsonkhano.

Pa nkhani ya ubwino wa katundu, mdani ndi chuku. Mtedza wosauma bwino, wosungidwa pachinyontho, kapena wothiridwa madzi kuti usendeke msanga ndi kulemera pasikelo, umamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo sathera pamoto wokazingira. Mayiko a European Union salola mtedza wodya umene poizoni wake wapitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Dziko la Malawi, lomwe mtedza wake wa Chalimbana udatchuka ku Ulaya, lidataya gawo lalikulu la msika umenewu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zavutitsa kuubwezeretsa. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola: thumba limodzi lovunda likaperedwa pamodzi ndi matumba abwino, dzina la gulu lonse ladetsedwa. Nchifukwa chake chidindo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, sichiyenera kuonedwa ngati chipsinjo, pakuti popanda icho masitolo akuluakulu salandira katundu.

Chinthu china chimene chimagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono ndi kusawerengera. Mtengo wopikulitsa umakhala wotsika kuposa wogulitsira wodya, chifukwa mwini sitolo nayenso amafuna phindu lake. Wopanga ayenera kulemba zonse: mtedza, nkhuni kapena magetsi, mchere, mabotolo, mapepala omata, galimoto yodutsa m'misewu ya matope nthawi ya dzinja, ngakhalenso makoko amene atayidwa. Pa makilogalamu 4 a makadamiya osaswa pamatuluka maso olemera pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Woiwala kuwerengera zimenezi amagulitsa kwambiri koma nkumasaukirabe.

Si bwinonso kudalira wogula mmodzi. Mu 2023 mtengo wa makadamiya udagwa kwambiri pa msika wa dziko lonse, pamene zokolola zidachuluka m'mayiko monga South Africa, China ndi Australia. Mlimi amene adadikira zaka zisanu kuti mtengo wake ubereke sayenera kusiyidwa pamtetete chifukwa cha zochitika kutsidya la nyanja. Masitolo a ku Blantyre, Mwanza ndi Lilongwe nawonso ndi msika, ndipo ali pafupi.

Choncho alangizi a zaulimi aphunzitse kaumitsidwe ndi kasungidwe koyenera. Akuluakulu a zamalonda ku khonsolo athandize magulu kulembetsa monga makopaletivi ndi kupeza chidindo. Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu, alimbikitse kukhulupirika pakati pa mamembala, ndipo iwo eni akhale oyamba kupereka mtedza wawo ku gulu. Chuma chilidi m'nthaka, koma chimatsalira kwa yekhayo amene wadziwa kukonza ndi kugulitsa zimene nthakayo yam'patsa.