Nyimbo ya pafoni si yako, yako ndi ya pachimbale

Ku Kariakoo, kuchimake kwa malonda mumzinda wa Dar es Salaam, mafoni ali mbwee. Sitolo ndi sitolo mupeza mafoni, machaja ndi timasipika tating'ono tolira mogonthetsa m'khutu. Koma tayesani kufunsa chimbale cha Professor Jay cha Machozi Jasho na Damu, CD yeniyeni yokhala m'chikuto chake, muone mmene wogulitsa akuyang'anireni. Akuuzani kuti zimenezo zinapita, bweretsani fulashi akuthirireni nyimbo mazanamazana pa ndalama yochepa. Komatu mumzinda womwewo muli anthu, ochepa ndithu, amene amasakasaka zimbale za hip hop, kuzipukuta, kuzisanja bwino pashelefu, osalola kuti mwana azikhudze. Anzawo amawaseka kuti akukakamira zakale. Ine ndikuti anthu amenewa ndiwo akuona patali, ndipo ntchito akugwirayo ndi imene boma, mawailesi ndi oyimba eni ake anaitaya.

Zimene zili m'zimbalezo si phokoso la anyamata osowa chochita ayi. Mu 1991 Saleh Jabir anatulutsa kaseti ya rap ya m'Chiswahili, akuyimba pa mabiti a oyimba a ku America monga Vanilla Ice, ndipo achinyamata a mu Dar anadzionera okha kuti chinenero chawo chingathe kunyamula chamba chimenechi. Mu 1993 kunabadwa gulu la Kwanza Unit. Nthawi imeneyo n'kuti dziko la Tanzania likusiya mfundo za Ujamaa: zipani zambiri zinaloledwa mu 1992, mawailesi omwe si aboma monga Radio One anayamba kumveka, makampani aboma ankagulitsidwa, anyamata akumidzi ankakhamukira m'tauni kudzayenda ndi malonda m'manja. Nduna ndi akatswiri a zachuma ankafotokoza kusinthaku ali m'maofesi. Amene anakufotokoza ali pansi, m'makwalala a ku Temeke, Kinondoni ndi Ilala, anali oyimba rap. Joseph Mbilinyi, wodziwika kuti Mr II kapena Sugu, anatulutsa Ni Mimi mu 1995, n'kumatsatiza zimbale chaka ndi chaka, akudandaula za ulova, apolisi ndi ziphuphu. Gulu la Hard Blasters linabwera ndi Funga Kazi mu 2000, chimbale chimene chinachititsa ngakhale makolo kutchera khutu ku nyimbo zimene ankazitcha za achifwamba. Chaka chotsatira Professor Jay, yemwe anali wa gulu lomwelo, anatulutsa chimbale ndatchula chija, momwe muli nyimbo ya Ndio Mzee yonyogodola wandale wolonjeza zosatheka pa msonkhano wokopa anthu. Juma Nature anabweretsa chilankhulo cha ku Temeke osachisambitsa.

Anthu awiri mwa amenewa anakalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Dodoma: Sugu anakhala phungu wa Mbeya Mjini mu 2010, Professor Jay wa Mikumi mu 2015, onse a chipani chotsutsa cha CHADEMA. Amene adzafune kumvetsa mmene mnyamata wa pamsewu anafikira pokhala phungu sadzapeza yankho m'malipoti aboma. Adzalipeza m'zimbalezi, ngati zidzakhale zikadalipo.

Wina anena kuti nyimbozo zilipo, zili pa YouTube. Zina zilipodi. Koma chimbale si mulu wa nyimbo. Woyimba ndi wojambula amakhala pansi n'kusankha yoyamba ndi yomaliza, amaikamo timasewero tapakati, ndipo pachikuto amalemba chaka, situdiyo, wopanga mabiti ndi onse amene anathandizapo mawu. Pachikuto m'pamene munthu amadziwira kuti ntchito iyi inachokera ku Bongo Records kwa P-Funk Majani, iyo ku MJ Records kwa Master Jay. Nyimbo ikayenda m'mafoni ndi m'mafulashi zonsezi zimayoyoka. Imafika yopanda chaka, dzina lolembedwa molakwika, nthawi zina yopatsidwa woyimba wina, mawu ake atafinyidwa mpaka besi kumveka ngati yaphwa. Zambiri za nyimbo zakalezi zinaikidwa pa intaneti ndi okonda nyimbo wamba, osati eni ake, ndipo tsiku limene akaunti ya munthuyo idzatsekedwe, zonse zidzapita nayo limodzi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ukamamvera nyimbo pa Spotify, Boomplay kapena Audiomack sunagule kanthu, wangobwereka khutu. Ukalephera kugula bandulo, nyimbo palibe. Kampani ikasemphana ndi mwini nyimbo, nyimbo palibe. Izi si nkhambakamwa. Mu 2019 kampani ya MySpace inavomera kuti inataya nyimbo pafupifupi 50 miliyoni zimene anthu anaikapo pakati pa 2003 ndi 2015, posamutsa zinthu kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Gulu la De La Soul la ku New York, limene chimbale chake cha 3 Feet High and Rising cha mu 1989 ndi chimodzi mwa mizati ya hip hop, silinkapezeka pa malo omvera nyimbowa kufikira pa 3 Malichi 2023 chifukwa cha mikangano ya umwini, ndipo mmodzi wa atatuwo, Trugoy, anamwalira kutatsala milungu yochepa kuti tsikulo lifike. Zaka zonsezo amene ankamva zimbalezo mwaufulu ndi amene anali ndi CD, kaseti kapena mbale. Ngati zoterezi zinagwera anthu okhala ndi maloya ku America, nanga gulu la ku Temeke limene linajambula pa kompyuta imene inafa kalekale lidalire ndani?

Koma chimene chimandipweteka kwambiri n'china, ndipo ku Tanzania n'chosabisika. Kumeneko kuli bungwe la boma loona za luso, BASATA, lomwe lili ndi mphamvu yoletsa nyimbo. Mu Malichi 2017 Nay wa Mitego anamangidwa chifukwa cha nyimbo yake ya Wapo, ndipo anatuluka Pulezidenti John Magufuli atalamula yekha kuti amumasule. Mu 2019 nyimbo ya Roma Mkatoliki ya Anaitwa Roma inaletsedwa. Mu 2023 Nay yemweyo anamuletseranso nyimbo ya Amkeni. Nyimbo ikaletsedwa, mawailesi amaopa kuiwulutsa, ndipo woyimba amapanikizidwa kuti aichotse pa intaneti. Kuwonjezera apo, pa chisankho cha mu Okutobala 2020 masamba a mchezo anatsekedwa, ndipo pa cha 29 Okutobala 2025 intaneti yonse inazimitsidwa kwa masiku angapo. M'dziko lotere, kusungitsa nyimbo zonse zodzudzula boma pa njira imene boma lingaizimitse tsiku lililonse ndi kusaganiza. CD ili m'nyumba ku Mbagala kapena ku Manzese sizimitsika ndi kalata ya mu ofesi. Kuti ithe pafunika munthu ayende khomo ndi khomo, ndipo palibe boma lingamalize ntchito imeneyo.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindiizemba. Nthawi ya makaseti ndi ma CD sinali paradaiso kwa oyimba. Amalonda ochepa a ku Kariakoo ndiwo ankagwira msika wonse: woyimba ankapereka ntchito yake, kulandira kangachepe, osadziwa kuti makope enieni agulitsidwa angati, ndipo okopera mwakuba ankadzaza misewu chimbale chisanathe n'komwe mlungu. Lamulo la umwini wa luso la mu 1999 ndi bungwe la COSOTA sizinathetse kulirako. Intaneti inathyola mpanda umenewo. Diamond Platnumz, mwana wa ku Tandale, anafika pa 1 biliyoni ya maulendo amene makanema ake anaoneredwa pa YouTube mu 2020 popanda kugwadira wamalonda aliyense wa ku Kariakoo. Zonsezi n'zoona. Koma ndani ananena kuti tisankhe chimodzi? Intaneti ndi yofalitsira, si yosungira. Ndipo phindu lake limakomera oyimba nyimbo zovina zomveka kwa aliyense, pomwe wa rap yolemera mawu, amene omumvera ndi ochepa koma okhulupirika, amalandira kachidutswa ka senti pa ulendo uliwonse nyimbo yake yamveredwa. N'chifukwa chake anyamata a Tamaduni Muzik, monga Nikki Mbishi ndi One the Incredible, pa misonkhano yawo ya Kilinge ku Msasani ankagulitsa okha zimbale pamanja. Ndalama inkachoka m'thumba la womvera n'kulowa m'thumba la woyimba, popanda wapakati. Cholakwika m'masiku akale chinali wapakatiyo, osati chimbale.

Mfundo ina ya otsutsa ndi yakuti CD nayo imafa. Eya, imafa, makamaka m'chinyontho ndi kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja ngati kwa Dar. Yosindikizidwa kufakitale imapirira, koma yobenedwa pa kompyuta, imene oyimba ambiri ankakwanitsa, utoto wake umafooka m'kupita kwa zaka mpaka kuyamba kulumphalumpha. Komanso zimbale zambiri za m'ma 1990 zinatuluka pa kaseti pokha. Izi sizikufooketsa mfundo yanga, zikungoonetsa kuti nthawi yatha kale. Apa ndiye ndiwatembenukire osonkhanitsa zimbalewo, chifukwa nawonso ali ndi mlandu. Ambiri amanyadira Illmatic ya Nas ya mu 1994, zimbale za Tupac ndi za Wu-Tang Clan, n'kumaitanitsa kunja pa mtengo wokwera. Zimenezo sizidzasowa, eni ake amazisindikizanso nthawi ndi nthawi, ndipo makope ake ali m'maiko onse. Chimene chili pangozi ndi CD ya chikuto chofotokopedwa ya gulu la ku Kinondoni limene linatulutsa makope ochepa n'kubalalika. Wosonkhanitsa amene amanyoza chimbale chotere chifukwa sichikongola pashelefu akusonkhanitsa ulemu wake, osati nyimbo. Ndipo amene ali nacho n'kumachitsekera m'kabati, osachikopera pa kompyuta m'njira yosafinya mawu, osajambula chikuto chake, osauza mwini nyimbo kuti kope lilipo, akungodikira kuti chife m'manja mwake.

N'zochititsa manyazi kuti zina mwa zimbale zosungika bwino za chamba chimenechi zinasindikizidwa ku Germany. Mu 2004 kampani ya Out Here Records ya ku Munich inatulutsa chimbale chophatikiza oyimba angapo cha Bongo Flava: Swahili Rap from Tanzania, komanso Maasai Hip Hop cha gulu la X Plastaz la ku Arusha. Anachita bwino, sindikuwada. Koma mapeto ake ndi akuti wophunzira wa ku Europe amapeza mbiri imeneyi mosavuta kuposa mwana wa ku Ilala. Nyimbo za magulu akale a dansi zinachitako mwayi chifukwa zinajambulidwa ku Radio Tanzania, matepi ake anasungidwa malo amodzi, ndipo a Tanzania Heritage Project anapeza poyambira pamene anafuna kuwapulumutsa. Rap ilibe nyumba yotere. Inabadwira m'masitudiyo a anthu, m'zipinda zogona ndi m'magalaja, ndipo ena mwa oyidziwa akupita. Father Nelly wa X Plastaz anaphedwa mu 2006. Albert Mangwea anamwalira ku South Africa mu 2013.

Ife a ku Malawi tisaone ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Tonse tikukumbuka pamene woyimba aliyense ankalowera ku Limbe kwa O.G. Issa, ndi timapepala ta COSOMA tomatidwa pa makaseti. Msika umenewo unatha, m'malo mwake munabwera tizipinda tothirira nyimbo m'mamemori. Lero funsani kumene mungapeze zimbale za Real Elements zathunthu, ndi zikuto zake, kapena ntchito zoyambirira za Third Eye ndi Phyzix. Lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lipite ku National Archives ku Zomba. N'chifukwa chiyani chimbale cha rap chimene chinalankhula ndi achinyamata ochuluka kuposa mabuku ambiri chisapatsidwe ulemu womwewo?

Ku Dar, ntchitoyi isaperekedwe kwa BASATA. Woletsa nyimbo sangakhale woisunga. Laibulale yaikulu ya pa msewu wa Bibi Titi Mohamed ndi University of Dar es Salaam ndizo zoyenera kutsegula chitseko, kuitana osonkhanitsa kuti abweretse zimene ali nazo, kukopera, kujambula zikuto ndi kubweza kwa eni ake. Oyimba a lero asindikize makope ochepa a chimbale chilichonse, ngakhale mazana awiri okha, olembedwa mayina onse. Sugu, Professor Jay, Juma Nature, P-Funk ndi Master Jay adakali moyo, ndipo angathe kukhala pansi n'kunena kuti nyimbo iyi inajambulidwa liti, kuti, ndi ndani. Professor Jay anagona miyezi m'chipatala mu 2022 akudwala mwakayakaya. Wina apite kwa iye ndi zimbale zake zonse m'manja pamodzi ndi kope lolembamo, chaka chino chisanathe.